Mmene loya wotumikira anthu ku America angakhululukidwire ngongole ya sukulu

Loya amene wangomaliza kumene sukulu ya zamalamulo ku United States amatuluka ali ndi digiri komanso ngongole imene kawirikawiri imapitirira madola 100,000. Amene walembedwa ntchito ku makampani akuluakulu a maloya a ku New York, kumene malipiro oyambira anali madola 225,000 pachaka mu 2025, sasowa nayo tulo ngongoleyo. Wovutika ndi mnzake amene wasankha kukaimira amphawi oimbidwa milandu, mabanja ofuna kutulutsidwa m'nyumba za lendi, kapena anthu othawa kwawo, chifukwa malipiro ake oyambira nthawi zambiri safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama ija, pamene ngongole njofanana.

Pofuna kuti anthu otere asathawe ntchito zotumikira anthu, nyumba ya malamulo ya Congress inakhazikitsa mu 2007 dongosolo lotchedwa Public Service Loan Forgiveness, limene onse amangoti PSLF, ndipo Pulezidenti George W. Bush ndi amene anasainira lamulolo. Pangano lake ndi lakuti munthu akalipira ngongole yake ya boma kwa miyezi 120 ali pantchito yovomerezeka, boma limafafaniza zonse zotsala pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndipo boma la fedulo silidula msonkho pa ndalama zofafanizidwazo. Pomva pangano ili munthu angayese kuti n'kungodikira zaka 10 basi, koma pamene gulu loyamba linakwanitsa zakazo mu Okutobala 2017, pafupifupi mafomu 99 pa 100 alionse anakanidwa. Ambiri mwa okanidwawo sanali anthu achinyengo. Ena anali ndi ngongole ya mtundu wosayenera, ena ankalipira motsata dongosolo losawerengedwa, ndipo ochuluka anadziwa za cholakwikacho zaka zitapita kale. Zinthu zinakonzedwa pambuyo pake, makamaka ndi mwayi wapadera umene unaperekedwa kuyambira Okutobala 2021 mpaka Okutobala 2022, moti pofika Okutobala 2024 okhululukidwa anali atapitirira 1 miliyoni. Mwayi wapaderawo unatha, ndipo amene akuyamba tsopano ayenera kukonza zonse m'chaka choyamba cha ntchito, osati chomaliza.

Tisanapite patali, ndi bwino kunena amene nkhaniyi ikuwakhudza. Ngongole za maphunziro za boma la America zimaperekedwa kwa nzika za dzikolo, kwa amene ali ndi green card, ndi kwa ena ochepa monga othawa kwawo ovomerezedwa. Loya wa ku Malawi kapena ku Zambia amene wapita kukachita digiri ya LLM pa visa ya ophunzira sapatsidwa ngongole imeneyi, choncho palibe chimene PSLF ingamufafanizire. Malangizowa ndi a inu amene munakhazikika kumeneko, ndi ana anu amene anakulira komweko n'kusankha ntchito ya uloya.

Choyamba: dziwani mtundu wa ngongole imene muli nayo

Lowani pa StudentAid.gov, tsamba la Dipatimenti ya Zamaphunziro, ndipo muone mndandanda wa ngongole zanu zonse, imodziimodzi. Chimene mukufufuza ndi liwu lakuti Direct pa dzina la ngongole iliyonse, chifukwa ngongole za Direct zokha ndi zimene PSLF imaziwerenga. Ophunzira zamalamulo ambiri a zaka zaposachedwa ali ndi Direct Unsubsidized ndi Grad PLUS, ndipo zonsezi zili bwino. Amene anaphunzira kale angapeze ngongole za FFEL, zimene mabanki ankapereka boma likuikira kumbuyo mpaka mu 2010, kapena za Perkins, zimene zinkadzera kusukulu. Zimenezi siziwerengedwa pokhapokha mutaziphatikiza kukhala ngongole imodzi yotchedwa Direct Consolidation Loan, ndipo kuphatikizako kumachitika pa tsamba lomwelo, kwaulere.

Ngongole imene simukuiona pa StudentAid.gov ndiye kuti si ya boma. Apa m'pamene maloya ambiri amadabwa, chifukwa ndalama imene anakongola kuti adye ndi kulipira lendi m'miyezi yokonzekera mayeso a bar, amene amapatsa munthu chilolezo chogwira ntchito ya uloya, imakhala ya banki wamba, ndipo imeneyo muyenera kuilipira yonse mpaka senti yomaliza.

Pali msampha umodzi umene ukagwa sumasuka. Mukangoyamba ntchito, mabanki ndi makampani obwereketsa ndalama adzakulemberani makalata okoma, akuti agula ngongole yanu ya boma n'kukupatsani chiwongoladzanja chotsika. Kwa loya wa malipiro aakulu zimenezi zikhoza kukhala zanzeru. Kwa inu amene mukuyembekezera PSLF, kusaina pepala limenelo n'kusandutsa ngongole ya boma kukhala ya banki, ndipo palibe njira yobwerera, ngakhale munali mutalipira kale zaka zisanu ndi zitatu.

Chachiwiri: fufuzani amene akukulembani ntchito

Pano ndichedwapo, chifukwa m'pamene maloya amalakwitsa kwambiri, mwina pokhala anthu ozolowera kutsutsana pa tanthauzo la mawu. PSLF siyang'ana ntchito imene mumagwira. Imayang'ana amene anakulembani. Loya wa pa kampani yochita phindu amene amathera theka la nthawi yake kuthandiza amphawi mwaulere sawerengedwa, pamene wosesa muofesi ya boma amawerengedwa. Zingaoneke ngati zosalungama, koma lamulo linalembedwa choncho, ndipo kudandaula nalo sikuwonjezera mwezi ndi umodzi womwe.

Olemba ntchito ovomerezeka ali m'magulu atatu. Loyamba ndi boma la mtundu uliwonse la ku America: la fedulo, la chigawo, la mzinda, kapena la mitundu ya eni nthaka. Muno muli maofesi a maloya a boma oimira amphawi pa milandu yaupandu, amene anachuluka kutsatira chigamulo cha Khoti Lalikulu pa mlandu wa Gideon v. Wainwright mu 1963, muli oimira boma pa milandu, ndiponso muli chaka chimodzi kapena ziwiri zimene loya watsopano amathandiza woweruza kufufuza ndi kulemba zigamulo. Lachiwiri ndi mabungwe osachita phindu amene bungwe la msonkho la IRS linawaika pansi pa gawo 501(c)(3), ndipo muno muli maofesi ambiri othandiza osauka pa milandu ya nyumba, ya banja ndi ya ngongole, kuphatikizapo amene amalandira ndalama ku Legal Services Corporation, bungwe limene Congress inakhazikitsa mu 1974. Lachitatu ndi mabungwe ena osachita phindu amene sali pansi pa gawo limeneli koma ntchito yawo yaikulu ili pa mndandanda wa ntchito zotumikira anthu. Gulu lachitatuli ndi loterera. Mu 2016 bungwe la maloya la American Bar Association linasumira Dipatimenti ya Zamaphunziro chifukwa maloya ena amene anauzidwa kuti ntchito yawo ikuwerengedwa anadzauzidwanso patapita zaka kuti siikuwerengedwa, ndipo zinatengera chigamulo cha khoti cha mu 2019 kuti ena mwa iwo apeze chilungamo. Mabungwe a apantchito ndi mabungwe a zipani sawerengedwa konse.

Njira yodziwira si kufunsa abwana, chifukwa nawonso akhoza kulakwitsa ndi mtima wabwino. Tengani fomu ya W-2, kapepala kamene olemba ntchito amapereka kumayambiriro kwa chaka kosonyeza malipiro ndi msonkho wa chaka chatha, ndipo muyang'ane pa bokosi b. Pali nambala ya manambala 9 yotchedwa EIN, imene ili ngati chiphaso cha bungwe ku IRS. Lembani nambalayo pa chida chofufuzira olemba ntchito cha pa StudentAid.gov ndipo chidzakuuzani ngati bungwelo ndi lovomerezeka, losavomerezeka, kapena loyenera kuunikidwa kaye. Ngati simunayambe ntchito, pemphani nambalayo musanasaine kalata yovomera, ndipo musachite nazo manyazi, chifukwa ofesi iliyonse yolemba maloya otumikira anthu inalizolowera funso limeneli. Kufunika kwa nambalayi kumaoneka pa mabungwe amene ali ndi nthambi ziwiri za dzina lofanana. Bungwe lomenyera ufulu la ACLU, mwachitsanzo, lili ndi nthambi ya 501(c)(4) imene imakopa opanga malamulo, ndi ACLU Foundation ya 501(c)(3) imene imayendetsa milandu m'makhoti. Anthu awiri akhoza kukhala pa madesiki oyandikana koma ma W-2 awo ali ndi nambala zosiyana. Chimodzimodzi ndi amene ali pa fellowship, thandizo la ndalama lolipirira loya watsopano pa ntchito yotumikira anthu, monga ya Skadden kapena ya Equal Justice Works: chofunika si kumene ndalama ikuchokera, koma dzina ndi nambala zimene zili pa W-2.

Loya wodziimira payekha amene khoti limamupatsa milandu ya amphawi n'kumamulipira pa mlandu uliwonse amagwira ntchito yofanana ndendende ndi ya loya wa muofesi ya boma, koma amalandira fomu ya 1099 m'malo mwa W-2, ndipo pa lamuloli ndi munthu wa geni yake, osati wantchito wa boma. Amene akuganiza zochoka muofesi kukayamba zakezake atalipira zaka zisanu ndi chimodzi aganizirepo kawiri.

Za nthawi ya ntchito n'zachidule: pamafunika maola osachepera 30 pa sabata, ndipo ntchito ziwiri za maola ochepa zikhoza kuphatikizidwa bola zonse zikhale kwa olemba ovomerezeka. Miyezi 120 ija siyenera kukhala yondondozana. Mukachoka zaka ziwiri kupita ku kampani yochita phindu, miyezi imene munasonkhanitsa imakudikirani.

Amene mtima uli kumudzi adziwe ichi. Kugwira ntchito kunja kwa America sikuletsedwa, malinga wokulembani akhale boma la America kapena bungwe la 501(c)(3) la kumeneko. Loya wokhala ku Lilongwe kapena ku Lusaka pansi pa bungwe lotere miyezi yake imawerengedwa, monganso imawerengedwera ya odzipereka a Peace Corps. Koma mukalembedwa ndi boma la Malawi, ndi bungwe lolembetsedwa ku Malawi kokha, kapena ndi United Nations, wotchi imaima, ngakhale ntchitoyo ikhale yothandiza amphawi kuposa ina iliyonse imene munagwirapo.

Palinso nkhani yatsopano imene maloya oimira anthu obwera kuchokera kunja ayenera kuitsatira mwatcheru. Mu Malichi 2025 Pulezidenti Donald Trump analamula Dipatimenti ya Zamaphunziro kuti ichotse pa mndandanda mabungwe amene boma likuwaona kuti ali ndi cholinga chachikulu chophwanya malamulo, ndipo chimodzi mwa zitsanzo zake chinali kuthandizira kuphwanya malamulo olowera m'dziko. Lamulo lomaliza linatuluka kumapeto kwa Okutobala 2025 ndipo linaikidwa kuti liyambe pa 1 Julayi 2026, koma maboma angapo a zigawo, mizinda ndi mabungwe anakalitsutsa kukhoti mu Novembala. Malinga ndi lamulolo, miyezi imene munthu anagwira bungwe lake lisanachotsedwe siifafanizidwa, ndipo chimenechi n'chifukwa china chotsimikizira miyezi yanu msanga, monga tionera pa gawo lachinayi.

Chachitatu: sankhani dongosolo lolipirira limene limawerengedwa

Mukapanda kusankha, mudzaikidwa pa dongosolo wamba lolipira ndalama yofanana mwezi ndi mwezi. Kwa amene anakongola Julayi 2026 asanafike, dongosolo wamba la zaka 10 limawerengedwa, koma mukalitsata mpaka kumapeto mudzapeza kuti pa mwezi wa 120 mwamaliza ngongole yonse ndipo palibe chokhululuka. Phindu la PSLF limabwera mukalowa dongosolo limene limayeza malipiro a pamwezi potengera ndalama zimene mumapeza. Lodziwika kwambiri ndi IBR, limene limatenga magawo 10 pa 100 a ndalama zimene mumapeza zopitirira mlingo woikika kwa amene anayamba kukongola kuyambira pa 1 Julayi 2014, ndi magawo 15 pa 100 kwa akale.

Tiyeni tiwerengere ndi chitsanzo chongopeka. Loya wosakwatira ali ndi ngongole ya madola 150,000 pa chiwongoladzanja cha 7 pa 100, ndipo ndalama zake za pachaka zowerengedwa pa msonkho ndi madola 65,000. Pa dongosolo wamba la zaka 10 angamalipire pafupifupi madola 1,740 pamwezi. Pa IBR boma limayamba lachotsa mlingo wa umphawi kuchulukitsa ndi 1.5. Mu 2025 mlingowo unali madola 15,650 kwa munthu mmodzi, choncho amachotsa 23,475 n'kutsala 41,525. Magawo 10 pa 100 a ndalama imeneyi ndi 4,152 pachaka, kapena kuti pafupifupi madola 346 pamwezi. Onani tsopano chimene chimaopsa ambiri: chiwongoladzanja chokha pa ngongoleyi ndi madola 875 pamwezi, ndiye kuti loyayu akulipira mokhulupirika koma ngongole ikukula mwezi uliwonse. Zimenezi si cholakwika ayi, ndi mmene dongosololi limayendera, ndipo pa mwezi wa 120 zonse zimafafanizidwa. Komabe n'zimene muyenera kuzilingalira musanayambe, chifukwa PSLF sipereka theka. Amene wasiya pa mwezi wa 100 osabwereranso sakhululukidwa kanthu, ndipo amatsala ndi ngongole yaikulu kuposa imene anatuluka nayo kusukulu. Ngati ngongole yanu ndi yochepa poyerekeza ndi malipiro anu, kapena mukudziwa mumtima kuti ntchitoyi mudzaigwira zaka zitatu zokha, werengerani njira zonse ziwiri papepala.

Popeza chofafanizidwa ndi chotsala, kulipira moonjezera n'kutaya ndalama, ndipo sikufupikitsa miyezi 120. Chanzeru n'kutsitsa malipiro a pamwezi m'njira zimene lamulo limalola. Ndalama imene mukuika ku thumba la penshoni la 403(b) kapena 401(k) isanadulidwe msonkho imatsitsa ndalama zowerengedwa, ndipo malipiro a ngongole amatsika nawo. Apabanja akhoza kulemba msonkho aliyense payekha kuti malipiro a mwamuna kapena mkazi asawerengedwe, ngakhale kuti kutero kumakweza msonkho nthawi zina, choncho chaka chilichonse yerekezani zonse ziwiri. Ndipo wophunzira wa chaka chomaliza alembe fomu ya msonkho ngakhale sanapeze ndalama zambiri, chifukwa malipiro a chaka choyamba amawerengedwa kuchokera pa fomu imeneyo. Pa IBR akhoza kutsika mpaka madola 0, ndipo mwezi wa madola 0 umawerengedwa ngati mwezi wina uliwonse.

Madongosolowa akhala akusinthasintha. La SAVE, limene boma la Joe Biden linayambitsa, linaimitsidwa ndi makhoti mu 2024. Lamulo limene linasainidwa pa 4 Julayi 2025 linabweretsa latsopano lotchedwa Repayment Assistance Plan, kapena RAP, loyamba pa 1 Julayi 2026, limene limatenga pakati pa gawo 1 ndi magawo 10 pa 100 a ndalama zonse zowerengedwa pa msonkho, ndipo chochepetsetsa ndi madola 10 pamwezi. RAP imawerengedwa pa PSLF. Lamulo lomwelo likuthetsa madongosolo ena awiri otengera ndalama zimene munthu amapeza, PAYE ndi ICR, pofika Julayi 2028, likutseka Grad PLUS kwa ophunzira atsopano, ndipo likuika malire a madola 50,000 pachaka ndi 200,000 onse pamodzi kwa ophunzira ntchito monga za uloya. Kwa amene akulowa sukulu tsopano tanthauzo lake n'lakuti fizi yopitirira malirewo idzachokera ku mabanki, ndipo gawo limenelo silidzakhululukidwa. Kwa akale, ngongole yatsopano iliyonse yotengedwa kuyambira pa 1 Julayi 2026, ngakhale yophatikiza, imatseka njira ya IBR n'kusiya RAP yokha.

Chachinayi: tumizani fomu ya PSLF chaka chilichonse

Lamulo silikukakamizani kutero. Mukhoza kudikira zaka 10 n'kutumiza zonse kamodzi, ndipo ndi mmene ena mwa okanidwa aja anachitira. Pa StudentAid.gov pali PSLF Help Tool, imene imadzaza fomu n'kuitumiza pa imelo kwa munthu wa kuofesi kwanu woyenera kusaina. Iye amatsimikiza tsiku limene munayamba, tsiku limene munasiya ngati munasiya, ndi maola anu a pa sabata. Fomu ikaunikidwa, nambala ya miyezi yovomerezedwa imaoneka pa tsamba lanu. Chitani zimenezi m'miyezi yoyambirira ya ntchito, kenako chaka ndi chaka, ndiponso sabata yomaliza musanachoke pa ofesi iliyonse, anthu okusainirani mukuwaonabe maso ndi maso. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo mwezi umene sunalembedwe pa tsambalo udakali pachala.

Ndinathandizapo loya wina kusanja mapepala ake pa tebulo la pabalaza usiku wina wozizira. Zaka zake ziwiri zoyambirira anagwira ku kabungwe kothandiza okhala m'nyumba za lendi, kamene kanatsekedwa thandizo litauma, ndipo panalibenso munthu wosaina. Fomu imalola kuchonga kuti wolemba ntchito anatseka kapena akukana kusaina, koma pamenepo umboni umakhala pamutu panu: W-2 ya chaka chilichonse, kapena mapepala a malipiro a mwezi uliwonse. Iye anali ndi W-2 ya chaka choyamba m'katoni ya nsapato, pansi pa malisiti a magetsi, koma ya chaka chachiwiri inasowa posamuka. Tinakhala mpaka pakati pa usiku tikufufuza m'maimelo akale, ndipo pomaliza anachita kuitanitsa zolembedwa zake za msonkho ku IRS. Miyeziyo inawerengedwa, koma zinamutengera nthawi yaitali, pamene siginecha imodzi pa tsiku lotsanzikana ikanamaliza zonse.

Sungani zonse m'malo awiri, pa kompyuta ndi papepala: fomu iliyonse yosainidwa, W-2 iliyonse, kalata iliyonse yovomereza dongosolo lolipirira, ndi chithunzi cha tsamba losonyeza nambala ya miyezi pamodzi ndi deti. Chifukwa chake n'chakuti mabuku a PSLF asamuka kangapo, kuchoka ku kampani yotolera ngongole ya FedLoan Servicing kupita ku ina yotchedwa MOHELA mu 2022, kenako ku Dipatimenti ya Zamaphunziro yeniyeniyo mu 2024, ndipo kampani yotolera ngongole yanu ikhoza kusinthanso. Mukaimba foni, lembani tsiku, dzina la amene mwalankhula naye ndi zimene wanena, monga mumachitira pa fayilo ya kasitomala. Nambala ikapanda kugwirizana ndi yanu, pali fomu yopempha kuti aunikenso pa tsamba lomwelo, ndipo zikakanika pali ofesi ya Ombudsman ya Federal Student Aid.

Kupatula fomu ya ntchito, palinso kutsimikiza ndalama zimene mumapeza kamodzi pachaka kuti mukhalebe pa dongosolo lanu lolipirira. Ziwirizi ndi zosiyana, ndipo kuiwala chachiwirichi kukhoza kukweza malipiro anu mwadzidzidzi. Mukhoza kulola kuti dipatimentiyo izitenga yokha manambala ku IRS.

Chachisanu: samalani ndi miyezi imene siwerengedwa

Miyezi imene muli pasukulu siwerengedwa, ngakhalenso miyezi isanu ndi umodzi yopumira mukangomaliza. Amene akuyamba ntchito mu Ogasiti kapena Seputembala, atangolemba mayeso a bar, amataya miyezi ingapo akugwira ntchito yovomerezeka koma ngongole isanayambe kulipiridwa. Ena amapewa zimenezi pophatikiza ngongole atangomaliza sukulu n'kukana nyengo yopumirayo, koma yang'anani kaye zimene tanena za ngongole zatsopano kuyambira Julayi 2026. Ngongole imene yalowa m'gulu la zokanika kulipiridwa nayo siwerengedwa.

Zinthu zikathina, wa pafoni angakuuzeni kuti muime kaye kulipira, chimene amachitcha forbearance. N'chosavuta kwa iye kulemba, koma miyezi yambiri yotere siwerengedwa. Ngati malipiro anu atsika kapena m'banja mwabadwa mwana, pemphani kuti awerengerenso malipiro a pamwezi m'malo moima. Miyezi ya nthawi ya COVID-19, kuyambira Malichi 2020 mpaka Seputembala 2023, ndi yosiyana: inawerengedwa ngati yolipira kwa onse amene anali pantchito yovomerezeka, bola fomu ya ntchito ya nthawiyo itumizidwe. Koma miyezi imene anthu a SAVE anaimitsidwa kuyambira mu 2024 siinawerengedwe. Kwa otere pali njira yotchedwa buyback, yogula miyezi yotayikayo polipira ndalama imene mukanalipira panthawiyo. Imaloledwa pokhapokha muli kale ndi miyezi 120 ya ntchito yovomerezeka ndipo kugulako kukufikitsani kumapeto, ndiponso mzere wake ndi wautali, choncho musaidalire ngati pali njira yosamukira ku dongosolo lowerengedwa.

Chachisanu ndi chimodzi: funsani thandizo lina loyendera limodzi ndi PSLF

Masukulu ambiri a zamalamulo ali ndi thumba lothandiza ophunzira awo akale a malipiro ochepa, lotchedwa LRAP. Ku Harvard amalitcha Low Income Protection Plan, ku Yale ndi Career Options Assistance Program, ndipo ena monga Georgetown anakonza lawo kuti lizilipira malipiro a pamwezi aja mpaka PSLF itafafaniza chotsala. Malamulo ake amasiyana sukulu ndi sukulu, ndipo amene akusankha kokaphunzira awawerenge asanalipire ndalama yosungira malo. Oimira boma pa milandu ndi maloya a boma oimira amphawi akhozanso kupempha thandizo la John R. Justice, limene lamulo limalola mpaka madola 10,000 pachaka ndi 60,000 onse pamodzi posinthana ndi lonjezo logwira zaka zitatu, ngakhale kuti ndalama yeniyeni yofika m'manja imakhala yochepa kwambiri chifukwa imadalira zimene Congress yapereka ndi mmene chigawo chagawira. Aliyense wokuimbirani foni kuti mumulipire akukonzereni PSLF ndi wakuba kapena wogulitsa chinthu chaulere, ndipo musamupatse dzina ndi nambala yachinsinsi yolowera pa StudentAid.gov.

Chomaliza: mwezi wa 120 ukakwana

Mukalipira komaliza, tumizani fomu yomwe ija, yosainidwa pambuyo pa tsiku la malipiro a nambala 120, ndipo muitumize mudakali pantchito yovomerezeka. Musalembe kalata yosiya ntchito sabata yomweyo podalira kuwerengera kwanu. Dikirani kuti tsamba lisonyeze 120 pa ngongole iliyonse, chifukwa ngongole za digiri yoyamba ndi za sukulu ya zamalamulo zikhoza kukhala ndi manambala osiyana, ndipo mwezi umodzi ukaperewera mudzafunika kukhalabe kwa wolemba wovomerezeka kuti muukwaniritse. Poyembekezera yankho, limene limatenga miyezi, mukhoza kupempha kuima kulipira kapena kupitiriza. Mukapitiriza, ndalama zopitirira mwezi wa 120 zimabwezedwa ngati mulibe ngongole ina ya boma yotsala, ndipo ubwino wake ndi wakuti miyeziyo imakhala nkhokwe ngati mwezi wina wam'mbuyo wakanidwa. Kalata yofafaniza ikafika, isungeni pamodzi ndi chithunzi cha tsamba losonyeza madola 0, funsani ngati chigawo chimene mukukhala chimadula msonkho wakewake pa ndalama zotere, ndipo patapita miyezi iwiri kapena itatu yang'anani mbiri yanu ya ngongole ku makampani oisunga a Equifax, Experian ndi TransUnion kuti muone ngati konse atseka akaunti.